Kodi chikho chokha ndi chokwanira kuyezera GM wa timu ya hockey?

Wowerenga wina wa ku Edmonton, ku Canada, wanditumizira imelo. Akufunsa kuti mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku Canada ndi America, GM wabwino, bwana amene amasankha, kusinthanitsa ndi kusayinitsa osewera, tingamudziwe bwanji. Iye akuti ndi amene watenga Stanley Cup, chikho cha ligiyi, basi.

Achimwene, pamenepo sindikugwirizana nanu. Yankho lili kwanu komweko. Peter Chiarelli anatenga chikhochi ali GM wa Boston mu 2011. Atafika ku Edmonton mu 2015 anapeza timuyo itapambana kale maere oyamba kusankha pa drafti, pamene matimu amasankha osewera achinyamata mosinthana, katswiri Connor McDavid ali m'manja. Chaka chotsatira anapereka Taylor Hall ku New Jersey posinthana ndi Adam Larsson, ndipo Hall anakakhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 2018. Anapatsanso Milan Lucic kontirakiti ya zaka 7 ya madola 42 miliyoni. Chiyambire 2005, timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zolipira osewera, choncho kontirakiti imodzi yolakwika imakumanga manja zaka zambiri. Chiarelli anamuchotsa ntchito mu January 2019, chikho chake chija chilipobe.

Ine ndimayang'ana kumene mwayi sulowererapo kwambiri. Kusankha McDavid aliyense akanatha. Koma pa drafti, matimu onse akadumpha mnyamata kawiri kapena katatu, iwe n'kumuona, pamenepo ndiye pali diso. Steve Yzerman ali GM ku Tampa Bay anatenga Nikita Kucherov pa nambala 58 mu 2011, ndi Brayden Point pa nambala 79 mu 2014. Yzerman anatula pansi udindo mu 2018, ndipo zikho za 2020 ndi 2021 anazinyamula ndi Julien BriseBois, amene analowa m'malo mwake. Wina analima, wina n'kukolola, ngakhale BriseBois nayenso sanangokhala: analolera kutaya mwayi wosankha m'gawo loyamba la drafti kuti apeze Blake Coleman ndi Barclay Goodrow, ndipo anyamatawa anathandizadi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti timaweruza msanga. Mnyamata wa zaka 18 amafunika zaka zinayi kapena zisanu kuti aoneke kuti ndi ndani. Komanso GM sagwira ntchito yekha. Ken Holland amatamandidwa chifukwa cha Pavel Datsyuk ndi Henrik Zetterberg ku Detroit, koma amene anathandiza kwambiri kuwapeza ku Ulaya ndi Håkan Andersson, wofufuza osewera. Nzeru ya Holland inali kumumvera.

Tsono achimwene, tengani makontirakiti ndi madrafti a GM wanu a zaka zisanu zapitazo, muone kuti ndi angati amene mungawasayinenso lero.