Amalume akuti kompyuta n'za anyamata

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa zopanga mapulogalamu a kompyuta, koma amalume ake, omwe amalipira fizi, akuti zimenezo n'za anyamata, akachite unamwino. Mayiwo akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ntchito ndinayambira pa taipilaita mu ofesi ina ku Limbe. Makompyuta atafika, abwana anangoona kiyibodi n'kunena kuti izi n'za atsikana otaipa, anatikankhira ife. Panalibe wotiphunzitsa. Mapulogalamu a WordPerfect ndi Lotus 1-2-3 tinawadziwa mofufuza tokha, printa ikatafuna mapepala tinkaitsegula ndife, malipiro a antchito onse ndinkawerengetsa ine. Magetsi akathima ndisanasunge pa disiketi, ndiye kuti kuyambiranso, kukafika kunyumba ana atagona. Patapita zaka kampani inazindikira kuti popanda makinawa ntchito siyenda. Inatsegula dipatimenti ya IT n'kulemba mnyamata wa tayi. Amene anamuonetsa pomwe pali chilichonse ndine. Iye anapatsidwa ofesi yakeyake ndi malipiro onona, ine pa fomu ndinakhalabe taipisiti. Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa, anali waulemu, mpaka lero timapatsana moni. Amene amandiwawa ndi omwe anaganiza kuti ntchito yomweyo yasanduka ya amuna tsiku lomwe inayamba kununkhira ndalama.

Ndipo si ku Limbe kokha. Mu 1945, ku University of Pennsylvania ku America, anamanga ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira, chimakina cholemera matani pafupifupi 30, choti chiziwerengetsa komwe chipolopolo cha mzinga chikagwere. Amuna anatenga mbali yomanga makina, yomwe inkaoneka yapamwamba. Yowauza makinawo chochita anaisiyira akazi 6: Kay McNulty, Jean Jennings, Betty Snyder, Marlyn Wescoff, Fran Bilas ndi Ruth Lichterman. Anawapatsa mapepala a kayendedwe ka mawaya, iwo n'kumalumikiza zingwe ndi kutembenuza maswitchi pamanja mpaka masamu atatuluka. Makinawa ataonetsedwa kwa atolankhani mu February 1946, akaziwa sanawatchule, ngakhale kuphwando la madzulo sanawaitane.

Ku Britain, Stephanie Shirley anatsegula kampani yolemba mapulogalamu mu 1962, antchito ake ambiri anali amayi ogwirira ntchito kunyumba akulera ana. Makalata ake ofuna bizinesi sankayankhidwa mpaka atayamba kusaina kuti Steve. Tangoganizani! Ku America, mu 1984 akazi anali 37 pa 100 alionse olandira digiri ya sayansi ya kompyuta. Kenako chiwerengero chinatsika mpaka kuchepera 20, nthawi yomwe makompyuta a kunyumba ankatsatsidwa ngati zidole za anyamata ndipo malipiro a ntchitoyi ankakwera. Nzeru za akazi sizinathe mu 1984 ayi. Anakankhidwa, basi, ndipo aliyense wonena kuti n'chilengedwe akunama.

Khalidwe lobisa ogwira ntchito yeniyenili silinathenso. Mu 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi omwe ankawerenga ndi kusankha zolemba zonyansa kuti ChatGPT, pulogalamu yocheza ngati munthu, isamazilankhule ankalandira ndalama zosakwana madola 2 pa ola. Mayina awo ndani akuwadziwa? Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingatenthe nayo mutu.

Nanga mutani?

Unamwino sindikuunyoza, mng'ono wanga ndi namwino ndipo amagwira ntchito yoposa yanga. Koma usakhale kothawira chifukwa amalume akuopa. Achimwene anuwo musakangane nawo pagulu, mwini fizi sachititsidwa manyazi. Atengereni padera, muwafunse chomwe akuopa kwenikweni, nthawi zambiri ndi ntchito akamaliza sukulu. Mwanayo aone maphunziro omwe ali ku MUST, MUBAS ndi UNIMA, ayambe kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, panopa ngakhale pa laputopu yobwereka, apange kanthu kakang'ono koti amalume akaone ndi maso. Ndipo akadzayamba ntchito, aziwerenga udindo womwe alemba pa kalata yake asanasaine.