Dzuwa silingalowe m'malo mwa madontho a vitamini D

Mayi, mwafunsa ngati dzuwa la kuno ku Nsanje silingakwanire m'malo mwa madontho a vitamini D omwe anamwino akupatsa mwana wanu wa makilogalamu 1.3 ku nazale. Ayi ndithu, musamuike padzuwa. Khungu lake n'lopyapyala, kutentha kwa kuchigwa kuno kungamuwotche n'kumuthera madzi m'thupi msanga.

Kashiamu wambiri womanga mafupa mwana amalandira kwa mayi ake m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Wobadwa masiku asanakwane gawo limeneli limamupita. Mkaka wa m'mawere, ngakhale palibe chouposa, uli ndi vitamini D wochepa, ndipo popanda vitaminiyu matumbo satenga kashiamu mokwanira. Mafupa amafewa, mwina nthiti kuthyoka kumene.

Mu 2011, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti khanda losakwana makilogalamu 1.5 lizilandira vitamini D wokwana 400 mpaka 1000 IU (muyezo wa kuchuluka kwa vitamini) tsiku lililonse kufikira miyezi 6.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi kunyumba akatulutsidwa. Mabotolo amasiyana mphamvu: dontho limodzi la botolo lina lingafanane ndi mililita yathunthu ya lina. Anamwino akusonyezeni muyezo pa botolo lenilenilo, ndipo mukaiwala tsiku lina musaphatikize mawa lake. Vitaminiyu amasungika m'thupi. Akachuluka kashiamu amakwera m'magazi, mwana amasanza, amakana bere, impso zimavutika. Zikatere thamangirani kuchipatala.