Alamu, yezani kaye wheelchair ya Tadala musanakonde galimoto

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kukuyankhani, ndinali ku ntchito usiku wonse, ndangodzuka kumene. Kulemba sinditha, zala zatopa, ndiye ndingolankhula, mumvere mukapeza mpata.

Ngati ndamva bwino, kalata ya DLA ya Tadala, thandizo lija boma la UK limapereka kwa ana olumala, yafika, amupatsa ndalama yapamwamba ija ya mayendedwe, ndiye Loweruka munapita kukaona magalimoto a Motability, sikimu yobwereketsa magalimoto kwa olumala ija, muli mwee, koma mwabwerako mitima ili pansi chifukwa anakuonetsani atatu okha, ndipo imene achimwene ankailota anati palibe. Mukufunsa kuti kodi anakupeputsani poona kuti ndinu obwera, kapena ndi mmene zimakhalira. Alamu, ndi mmene zimakhalira. Ife ndi bambo a Chikondi tili pa galimoto yachitatu chichitikireni ngozi yawo ija, ndipo ulendo uliwonse nkhani yake ndi yomweyi. Ukatsegula ndandanda pa intaneti umati eee, magalimoto onsewa! Ukayamba kupeta, mankhusu amauluka ambiri, zotsala m'lichero n'zowerengeka.

Koma ndiyambe ndi malume a ku Kasungu, chifukwa ndaona pa gulu lathu la pafoni aika kale timanja towomba kuti ku UK boma likugawa magalimoto aulere. Malume, si zaulere ayi. Ndalama ya mayendedwe imene boma limapereka kwa munthu wolumala, kuyambira Epulo 2025 inali £77.05 pa sabata, m'malo molowa ku akaunti yako imapita kwa a Motability. Muwerengere zaka zitatu, ndi mapaundi opitirira 12,000. Zikatha zaka zitatuzo galimoto umabweza, si yako. Ndi yobwereka. Chabwino chake n'chakuti inshuwalansi ili momwemo, sevisi, MOT yoyeza ngati galimoto ili bwino pamsewu, matayala amakusinthira ku Kwik Fit, ikafera panjira umaitana a RAC. Iwe ako ndi mafuta basi. Koma kuchitira taxi kapena kugawira katundu ayi, ndipo ulendo wake uyenera kukhala wopindulira mwini wakeyo, kuno kwathu ndiye Tadala. Ndiye zoti ikakalamba tiikweze sitima idzatsikire ku Dar es Salaam, malume, muiwale.

Tibwerere kwa inu alamu. Choyamba, munapita malo amodzi. Ogulitsa aja amaonetsa magalimoto a kampani yawo yokha. Wa Ford sangakuuzeni kuti pitani kwa Kia kuli yokukwanirani, naye akufuna adye. Ndiye atatu munaonawo ndi atatu a pakhomo pamenepo, osati a sikimu yonse.

Komabe ndisakunamizeni, ngakhale mutazungulira Coventry yense, kwa banja ngati lanu chiwerengero sichikwera kwambiri. Taganizani. Inu laisensi yanu ndi ya otomatiki, amagiya onse agwa pamenepo. Muli asanu m'nyumba, kamwana kakang'ono kakadali pa mpando wake wa ana umene umadya malo a munthu ndi theka, timagalimoto tating'ono tonse tagwa. Wheelchair ya Tadala si yopinda ngati ambulera, ili ndi chotsamira cholimba ndi chochirikiza mutu, ndiye magalimoto a buti yaing'ono agwa. Kenako pabwere ndalama yoyambira. Nyumba yanu ndi ya mumzere ija, mumaimika pamsewu, mulibe poikira chaja, ndiye amagetsi muyamba kuwaopa. Mwatsala ndi angati? Ndi zimenezotu.

Ndalama yoyambirayo ndiifotokoze, chifukwa ambiri timangoti dipoziti, pamene dipoziti imabwerera. Iyi amati Advance Payment, ndipo ikapita yapita. A Motability amagula galimoto yatsopano, n'kuwerengera kuti zikatha zaka zitatu adzaigulitsa zingati, kuphatikizapo inshuwalansi ndi zina zija. Ndalama ya pasabata ikapanda kukwana, chotsalacho ndi chimene umalipira iwe poyamba. Galimoto yaing'ono nthawi zambiri sulipira kanthu. Yaikulu, ya otomatiki, ya mipando isanu ndi iwiri, imapita ku masauzande. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amene akufuna galimoto yaikulu si amene akufuna kudzionetsa, ndi amene ali ndi wheelchair, choimiritsira mwana, matewera, chikwama cha mankhwala. Kulumala kukakula, mtengo nawo umakula.

Mitengoyi imasintha miyezi itatu iliyonse, Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala. Galimoto imene lero ilipo, ndandanda ikasintha mwina yakwera, mwina yatsika, mwina yachotsedwa. Makampani opanga magalimoto nawonso amasankha zoti aike pa sikimu ndi zoti asaike. Koma mukangoitanitsa, mtengo wa tsiku limenelo ndi womwewo ngakhale galimoto ichedwe kufika.

Ija ankaifuna achimwene, ndikudziwa ndi Benz, sanayambe lero kuilota. Muwauze apepese mtima. Mu Novembala 2025, sabata ya bajeti ya a Rachel Reeves, nduna ya zachuma nthawi imeneyo, a Motability anachotsa BMW, Mercedes, Audi, Lexus ndi Alfa Romeo pandandanda. Manyuzi akuno anali atasokosa miyezi yambiri kuti olumala akuyendera magalimoto apamwamba pa misonkho ya anthu, osatchula kuti amene ankatenga magalimoto amenewo ankawonjezera masauzande a m'thumba mwawo, pamene boma limapereka ndalama imodzimodzi kaya watenga Benz kaya watenga kagalimoto kotani. Ine Benz sindinaifunepo, koma mmene ankatinenera muja zinandipweteka. Mpaka pa shopu ya Tesco munthu amayamba wayang'ana galimoto, kenako n'kuyang'ana miyendo ya bambo a Chikondi. Mu bajeti yomweyo analengezanso kuti kuyambira Julayi 2026 pa ndalama yoyambira paja pazikhala msonkho wa VAT, kupatula magalimoto amene anasinthidwa kuti munthu azikwera ali pa wheelchair. Ndiye mukamafunsa mtengo, mufunse kuti zonse zili momwemo.

China si vuto la sikimu n'komwe. Magalimoto aja a mabanja aakulu, a zitseko zazikulu, pansi posakwera, ambiri anasiya kuwapanga. Ford Galaxy ndi S-Max anasiya mu 2023, Sharan ya Volkswagen nayo inatha. Aliyense tsopano akupanga ma SUV, ooneka aakulu kunja koma ukatsegula kumbuyo denga lake n'lotsetsereka, wheelchair siiima. Kuwonjezera apo, lamulo la boma likukakamiza makampani kuti gawo la magalimoto atsopano amene agulitsa likhale amagetsi, 22 pa 100 mu 2024, 28 pa 100 mu 2025, n'kumakwerabe. N'chifukwa chake mukaona pandandanda, amene ali ndi mtengo wokoma ambiri ndi amagetsi. Ukakhala ndi poimika pakhomo pako amakuikira chaja. Inu a pamsewu muzikatchajira kwina, ndiye muganize nokha ngati mungakhale mphindi 40 pa chaja mvula ikugwa, Tadala akulira kumbuyo kuti watopa kukhala.

Dikirani ndizimitse moto, nyemba zingapserere.

Eya, ndabwera. Ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife pa galimoto yoyamba, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinaphunzirira. Tinapita kwa ogulitsa ena, wheelchair tinaisiya m'galimoto ya mnzathu amene anatiperekeza, bambo a Chikondi anangokhala momwemo chifukwa kunkazizira. Ine ndinalowa ndekha, ndinaona yofiirira, yonyezimira, mipando yotenthetsa. Ndinafunsa mnyamata wake kuti wheelchair ilowa? Anatsegula buti, n'kuyang'ana, n'kuti ilowa bwinobwino mayi. Ndinasaina. Tsiku lokaitenga, wheelchair inakana ndi masentimita atatu okha. Atatu, alamu! Chitseko cha kumbuyo chinkagunda zogwirira. Ndiye zaka zitatu zathunthu, ulendo uliwonse, ndinkachotsa matayala awiri akuluakulu, khushoni, zopondapo, n'kunyamula chimango kuchikweza pamwamba pa mlomo wa buti umene unkandifika m'chiuno. Kuchipatala, kutchalitchi, ku shopu, kupita ndi kubwera. Tsiku lina mvula ikugwa poimika magalimoto pachipatala, tayala limodzi linandipulumuka n'kuyamba kugubuduka kutsikira kumsewu, ine n'kumalithamangitsa ndili ndi chitenje, bambo a Chikondi ali m'galimoto akuseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Msana umene mumandimva ndikudandaula uja unayambira pamenepo.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi tepi ya atelala m'chikwama, ndi mwini wake, ndi wheelchair yake. Ndinayeza kutalika kwa pakhomo pa buti, m'lifupi mwake pamene pali popanikiza, osati pamene patambasuka, ndi kuchokera pansi kufika pa mlomo. Bambo a Chikondi anayesa kusamuka kuchoka pa wheelchair kupita pa mpando, katatu, ogulitsa akuyang'ana wotchi. Ina tinaikana chifukwa mpando unali pamwamba kwambiri, ina chifukwa chitseko sichinkatseguka mokwanira. Tinatsala ndi imodzi, yotuwa, yosakongola, yangati bokosi. Ndi imene ndinaikonda kuposa onse. Tinaikamo ndi hoist yokwezera wheelchair. Zowonjezera ngati zimenezi muzinene poitanitsa pomwe, chifukwa zambiri zimatsika mtengo kapena sulipira n'komwe zikaikidwa pachiyambi.

Tsopano za Tadala, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Ali ndi zaka 9. Lero mumamunyamula kuchoka pa wheelchair kumuika pa mpando wa galimoto, ndipo ndinakuonani pa Khirisimasi mukuchita kupuma kaye musanamukweze. Galimoto imene mutenge ikhala nanu mpaka atakwana 12. Adzakhala atalemera, miyendo itatalika, wheelchair atamusinthira yaikulu. Musamuyezere wa lero. Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana WAV, magalimoto aja anawadula pansi n'kuika chotsetsereka kumbuyo, mwana amangolowa ali pa wheelchair yake n'kumumangirira. Ambiri amapangidwa kuchokera ku Citroën Berlingo, Peugeot Rifter, Ford Tourneo Connect kapena Volkswagen Caddy. Pangano lake ndi zaka zisanu. Ndikudziwa achimwene ati ikuoneka ngati ambulansi. Muwafunse kuti amene amanyamula mwana pasabata iwo ali ku ntchito ndani.

WAV nayo ili ndi pake pochenjera. Malo a wheelchair amadya mipando ya kumbuyo, ena amatsala ndi umodzi wokha, pamene inu mukufuna iwiri ya ana enawo, ndipo umodzi ukhale woti mpando wa kamwana umangike. Katundu wa ku shopu nayenso asowa pokhala. Ubwino wake, makampani amene amasintha magalimotowa amabwera nayo pakhomo panu kudzakuonetsani, osalipira, ndipo simukakamizidwa kutenga. Itanani awiri kapena atatu. Tadala alowe, muone ngati mutu sukugunda denga polowa, ngati akuona kunja pawindo, ngati mungamufikire akatsamwa muli panjira. Muyendeko nayo mpaka pa zitumbira za pamsewu wanu uja, chifukwa wokhala kumbuyo kwenikweni amamva kudumpha kuposa ena. Aliponso ma WAV ogwiritsidwapo ntchito pang'ono, ndalama yoyambira imatsikako, pangano lake zaka zitatu.

Ndalama yoyambira ikakukulirani, pali a Motability Foundation, mbali yachifundo ya sikimuyi, amathandiza. Amayang'ana zimene mumapeza m'nyumba, ndipo amalipirira chimene mwana akufunikira, osati chimene bambo ake akonda. Koma mupemphe musanaitanitse galimoto, chifukwa mukasaina kaye sabweza ndalama imene mwalipira kale. Zimatenga nthawi, ndiye yambani pano, ndipo a physio ndi a OT a Tadala, aja amamuonera za zipangizo, akulembereni kalata.

Tinthu tina ting'onoting'ono. Muone pa kalata ya DLA kuti pakadali miyezi 12 kapena kuposa isanathe. Oyendetsa amalola mpaka atatu. Koma za Yamikani, poti ndi wachinyamata, ngati mukufuna azikuthandizani kuyendetsa, dziwani kuti osakwana zaka 25 amaloledwa magalimoto a mphamvu yochepa okha, ndiye kumuika iye kukhoza kukudulirani ndandanda imene yachepa kale. Mufunsenso za mamailo. Ife pangano lathu linatipatsa 60,000 pa zaka zitatu, koma muwerenge zimene zalembedwa pa lanu, poti inu maukwati a ku Manchester ndi ku Leeds simuphonya.

Ndaonanso a Nabanda afunsa ngati nawo angalembetse chifukwa cha bondo lawo. Asisi, inu muli pa care visa, ya ntchito yosamalira anthu ija, ndipo PIP, thandizo la akuluakulu olumala, ndi DLA zili m'gulu la public funds, ndalama za thandizo la boma, zimene visa yanu imaletsa. Musalembe fomu iliyonse musanakafunse ku ofesi ya uphungu ya Citizens Advice, mungadziwonongere mapepala.

Ndiye alamu, musasaine chilichonse sabata ino. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi tibwera ndi bambo a Chikondi pa galimoto yathu, ndibweretsa tepi. Tikamuyeza Tadala ali pa wheelchair kuchokera pansi kufika pamutu, m'lifupi mwa matayala, ndi kuchokera ku zopondapo kufika ku zogwirira, tilembe papepala muziyenda nalo. Muyesenso kumukweza m'galimoto yathu muone mmene msana wanu ukumvera. Achimwene asachoke, ndikufuna amunyamule iwo kawiri ine ndikuona. Ufa uja munati watha, ndikutengerani paketi imodzi.