Ukafa kamodzi mu Gradius, bwanji zonse zimathera pomwepo?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wayamba kumene kusewera magemu akale a ndege zowomberana pa foni yake. Dandaulo lake ndi lakuti mu Gradius amayenda bwino mpaka siteji yachitatu, ndege itakwana zida, koma akangowomberedwa kamodzi gemu imamubwezera m'mbuyo chimanjamanja, ndipo ndege zotsalazo zimatha mphindi imodzi isanakwane. Akufunsa kuti: kodi gemuyi anailakwitsa popanga, kapena pali chimene iye sakuchidziwa?

Achimwene, gemuyo sanailakwitse. Vuto mwakumana nalolo ndi lodziwika kwambiri moti osewera analipatsa dzina loti Gradius syndrome. Kuti mulimvetse, muyambe mwaona mmene zida zimabwerera, chifukwa kutola zida ndi kufa m'magemu amenewa ndi nkhani imodzi.

Gradius inatuluka mu 1985, yopangidwa ndi kampani ya Konami ya ku Japan. Kandege kanu, Vic Viper, kamayamba kali koyenda pang'onopang'ono, ndi kamfuti kamodzi kolasa kutsogolo basi. Mukapha mdani wofiira, kapena mukamaliza gulu lonse la adani obwera mondondozana, pamatsala kapisozi. Kapisoziyo payekha si chida ayi. Ali ngati ndalama. Pansi pa sikirini pali mzere wa timabokosi 6: Speed Up, Missile, Double, Laser, Option ndi kachizindikiro ka funso komwe ndi chishango. Kapisozi aliyense amasuntha kuwala kabokosi kamodzi kupita kumanja, ndipo mukadina batani mumagula chimene chawalacho, mzere n'kuyambiranso. Choncho liwiro ndi kapisozi mmodzi, Missile awiri, Laser anayi, Option asanu.

Tawerengerani nokha. Pa makina a arcade, aja oponyamo ndalama m'malo osewerera magemu, mumatha kukhala ndi ma Option anayi, timipira towala timene timatsata ndege ndi kuwombera chilichonse chimene inu mukuwombera. Amenewo okha ndi makapisozi 20. Onjezani Laser, Missile, chishango ndi Speed Up kawiri, mupeza 34. Ndiye chipolopolo chimodzi chikakukhudzani, si ndege imodzi yokha imene yapita. Apita makapisozi 34 amene munatolera kwa masiteji awiri athunthu.

Siteji yachitatuyo ndimaidziwa bwino. Ndi ya mitu ya miyala ija, a Moai, yofanana ndi ya ku Easter Island, ina yoyang'ana m'mwamba ina yozondoka, yonse ikulavula timphete m'kamwa. Ukalowamo ndi ma Option anayi umawaika mondondozana kuchokera pamwamba kutsika pansi, Laser n'kumalowa m'kamwa mwa mutu uliwonse usanayambe n'komwe kulavula. Ukafa, sikirini imada pang'ono, nyimbo n'kuyambiranso, ndipo umapezeka m'mbuyo, chala chikukankha kuti ndege ithawe koma iyo ikungokwawa. Timphete timene poyamba sunkationa n'komwe tsopano tadzaza ponseponse. Chimapha anthu ambiri apa si kuchepa kwa zida kokha, koma kuti manja anazolowera kale liwiro lija.

Kubwezedwa m'mbuyoku kumatchedwa checkpoint. Siteji iliyonse ili ndi malo angapo oikika, ndipo mukafa mumayambira pa amene munawadutsa komaliza. Anthu ambiri amati chifukwa chake ndi ndalama, ndipo sakunama: makinawa ankadya ndalama yachitsulo ya 100 yen, ndipo mwini malo ankafuna kuti mpando usakhalitse ndi munthu mmodzi. Koma ine sindivomereza kuti nkhani imathera pamenepo. Mukayang'anitsitsa, pafupi ndi checkpoint nthawi zambiri pamabwera adani angapo onyamula makapisozi. Anaikidwa dala. Opanga gemu anakusiyirani njira yodzukira, yopapatiza ndithu, koma ilipo, ndipo kuipeza ndiko kusewera kwenikweni.

R-Type ya kampani ya Irem, ya 1987, nayonso imabweza m'mbuyo, koma ili ndi chifundo chake. Ngakhale mutataya Force, chimpira chosaphwanyika chija chomwe mumamatika kutsogolo kapena kumbuyo kwa ndege, mfuti yaikulu yochita kugwirizira batani kuti idzaze mphamvu imakhalapobe. Simudzuka opanda chodzitetezera.

Njira inayo ndi yodzukira pomwepo. A Konami omwewo anaiyesa mu Salamander mu 1986: mukafa, ndege ina imatulukira nthawi yomweyo gemu ikupitirira, ikuphethira kwa timasekondi tochepa pamene palibe chingaiphe, ndipo ma Option anu amayandama pa sikirini kuti muwatolenso ngati muli achangu. M'gemu imeneyi munalibenso mzere wogulira uja, chida chimene mwatola n'chimene mwapeza. Njirayi inali yofunika chifukwa Salamander amasewera anthu awiri nthawi imodzi, ndipo sizikanatheka kubweza mnzako m'mbuyo chifukwa choti iwe wafa. Magemu ambiri a pambuyo pake anatsata njira imeneyi. Ndi yokoma, komabe imalola munthu wokhala ndi ndalama zambiri kumaliza gemu asanaphunzire kanthu, n'chifukwa chake mtima wanga ukadali ku checkpoint.

Pali chinanso chobisika chimene osewera amatcha rank. Magemu ambiri a mtunduwu amayeza mmene mukuchitira, ndipo zida zikamachuluka adani amawombera kwambiri komanso mwaliwiro. Mukafa amafewako. Mu Battle Garegga ya 1996, imene anailemba Shinobu Yagawa, zimenezi zinafika poti akatswiri amagunditsa ndege yawo dala kuti gemu isalimbe mopitirira. Mu Gradius sizifika pamenepo, koma dziwani kuti kandege kosauka kaja sikakumana ndi moto wofanana ndi umene unakupherani.

Tsono chochita ndi ichi. Mukadzuka, kapisozi woyamba apite ku Speed Up mosaganizira kawiri. Kenaka Missile, chifukwa ndi wotchipa ndipo amasesa za pansi. Laser muiwale kaye, limbikirani kufika pa Option mmodzi. Musathamangire kapisozi amene ali pakati pa moto, ndipo musayese kupha chilichonse, kungodutsa n'kokwanira. Ngati emulator yanu, pulogalamu yoseweretsa magemu akale pa foni, imalola kusunga gemu paliponse, musasunge pamene muli ndi zida zonse. Sungani pamene mwangofa kumene, muyeserere kudzukako kakhumi kapena kuposa, mpaka manja aloweze.

Zikakanika, musachite manyazi. Kazuhisa Hashimoto, amene ankasamutsira Gradius pa Famicom, makina a Nintendo osewerera magemu pa TV kunyumba, mu 1986, anaona kuti gemuyi ikumuvuta poiyesa, ndipo anaikamo chinsinsi chomupatsa zida: imitsani gemu, dinani m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Ndiyo Konami Code yotchuka ija, ndipo imagwira ngati mukusewera ya Famicom kapena NES (dzina la Famicom ku America ndi ku Ulaya), osati ya arcade. Komabe ndikupemphani muyambe mwayesa kudutsa a Moai ndi kandege kopanda kanthu. Tsiku limene mudzadutse mudzandilembere, mundiuze kuti munali mutatola makapisozi angati.