Mabauti a injini ya Land Rover: opaka zinki ndi osayenera kupaka

Achimwene a ku Nkhotakota mwafunsa ngati mabauti ndi mabulaketi a injini ya Land Rover Series 2A yanu mungawapake zinki ndi magetsi (electroplating) pakhomo m'malo mogula atsopano. Zimatheka ndithu, ine ndimapanga kuno ku Salima, koma osati kungokhuthulira chitini chonse cha mabauti mu ndowa ayi.

Kaye pa nkhani yogula atsopanoyo. Galimoto imeneyi inkapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971 ndipo mazinga a mabauti ake ndi a mainchesi, ambiri a mtundu wa UNF ena a BSF, pomwe m'ma hardware mwathumu mwadzadza a metric. Ndiye amene muli nawowo asungeni bwino. Wina mu ma comment wati ingoikani stainless, mmm ine ayi. Stainless wamba wa A2-70 mphamvu yake safika pa bauti ya chitsulo ya giredi 8.8 (nambala ya kulimba yolembedwa pamutu), komanso akakhudzana ndi aluminiyamu pamalo a chinyontho ngati kunyanja kuno amene amadyeka ndi aluminiyamuyo, ndipo bodi ya galimoto yanu ndi aluminiyamu. Zinki ubwino wake amayamba kudyeka ndi iyeyo chitsulo n'kutsala, olo pakalike pang'ono dzimbiri silifulumira kulowa.

Chachikulu ndi kusankha. Mabauti a cylinder head, a ma conrod, a main bearing, a flywheel, masipuling'i, chilichonse cholimba kwambiri ngati 10.9, 12.9 kapena chokhala ndi timizere 6 pamutu, zimenezo zisayandikire asidi kapena ndowa ya zinki. Potsuka ndi asidi komanso popaka pamatuluka mpweya wa hydrogen umene umalowa m'chitsulomo, bauti imaoneka bwinobwino mwamanga mwayenda, kenako tsiku lina yangoduka yokha ngati chinangwa chouma muli pakati pa msewu wa M5. Kumafakitale amaziotcha mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola angapo akangomaliza kupaka kuti mpweyawo utuluke, pa mbaula simungakwanitse zimenezo. Za ku ekizozi manifold nazonso zisiyeni, kutentha kwake zinki sapirira. Zopaka ndi mabulaketi a dayinamo, timabauti ta rocker cover ndi sampu, ma clamp, tizitsulo ta ku kabuleta, mawashala wamba osati a sipuling'i, basi.

Ntchito yeniyeni ndi kutsuka, kupakako ndi kwa mphindi zochepa. Chotsani girisi ndi parafini kenako sopo ndi madzi otentha, dzimbiri ndi bulashi ya waya, muviike pang'ono mu asidi wosungunula ndi madzi, mutsukuluze. Mukathira madzi n'kuona akupanga timadontho ndiye kuti mafuta akadalipo, bwererani. Mukatero osagwiranso ndi manja. Chenjerani ndi zitsulo zakale zimene zikuonekabe zotuwa kapena zachikasu, zina nthawi imeneyo ankapaka cadmium ndipo fumbi lake ndi poizoni, osapala pa gilayinda opanda chotseka mphuno.

Mu ndowa ya pulasitiki mumaika viniga woyera, Epsom salt wa ku pharmacy ndi zinki amene mwamusiya asungunukemo kaye. Ngati mukuonjezera madzi akhale a batire (distilled, osati asidi) kapena a mvula, a pa mjigo amadetsa. Zinki amapita ku positive, bauti ku negative mutaimangirira pa waya wa kopa. Zinkiyo ndiye amavuta kupeza eti. Chikopa cha mabatire a tochi otchipa aja, osati alkaline, ndi zinki, mumasenda n'kutsuka. Malata ayi, chija ndi chitsulo chongokutidwa. Ma anode a injini za maboti ku Senga Bay, tizitsulo tija amamangirira kuti tizidyeka m'malo mwa injini, nawonso musawakhulupirire, ambiri ndi osakaniza ndi aluminiyamu.

Pa moto wa magetsi ndi pamene anthu ambiri amaonongera, amatenga chaja ya batire ya galimoto ya 12 volts n'kulumikiza dairekiti, bauti imatuluka yakuda ya unga-unga ukapukuta zonse zikuchoka. Pamafunika ma volts awiri kapena atatu basi, bauti imodzi yaing'ono ngati 0.2 amp, muzingoona tithovu ting'onoting'ono osati kuwira. Mphindi 20 zimapereka zinki wopyapyala wa pafupifupi ma micron 8 ndipo nati imalowabe bwino. Muzitembenuza chifukwa mbali yoyang'ana zinki ndi imene imalandira zinki wambiri. Pangirani panja, hydrogen uja amayaka, wosuta akasutire kutali.

Ikatuluka imakhala yotuwa, mukapukuta ndi steel wool imawala. Mtundu wachikasu ngati golide umene mwaona pa zithunzi si zinki ayi, ndi chromate amene amaviikamo pambuyo pake, amathandiza kuti zinki asachite msanga dzimbiri loyera, koma wakale uja wa hexavalent amayambitsa khansa ndiye osamasewera naye. Ine ndimangopaka ka oyilo kapena clear pamwamba, pa injini zimakwana.

Madzi otsala musakataye mu ngalande yopita kunyanja, zinki amapha nsomba. Sungani mu chigubu chotseka mulembepo, amagwiranso ntchito ulendo wina. Yambani ndi mabauti awiri otha ntchito, muponye chithunzi pano tione ngati moto wanu uli bwino musanaviike mabulaketi.