Kwa inu amene mwangofika ku America ndipo GRE ikukusowetsani tulo

Pafupifupi aliyense wobwera kumene amene akufuna masters kapena PhD amayamba ndi funso la GRE, mayeso amene mayunivesite ena kuno amafuna musanalowe maphunziro amenewa. Ndimamvetsa. Kwathu tinakula tikudziwa kuti MSCE ndi imene imagamula tsogolo la munthu, ndiye tikangomva za mayeso mtima wonse umathamangira komweko. Abale anga, kuno GRE ndi gawo laling'ono chabe la zimene amayang'ana.

Musanagule buku lililonse, onani pa webusaiti ya dipatimenti imene mukufuna ngati ikufunabe GRE. Kuyambira cha m'ma 2020 madipatimenti ambiri anaisiya, ena amakusiyirani kuti musankhe nokha. Ngati ikufunika, dziwani kuti mu September 2023 a ETS, bungwe limene limakonza mayesowa, anaifupikitsa, pano sikwana maola awiri. Masamu ake ndi a kusekondale, calculus mulibe, chimapweteka anthu ndi nthawi. Gawo la Chingerezi ndi limene limativuta ambirife chifukwa cha mawu osowa ndi ndime zopiringizika. Malikisi a magawo awiriwa amachokera pa 130 kufika pa 170. Yambani ndi mayeso oyeserera aulere a POWERPREP, wotchi ili pambali. Mukalakwa GRE yeniyeniyo mutha kulembanso pakapita masiku 21, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka zisanu.

Pa thandizo la ndalama, werengani kaye amene akuloledwa kufunsira. Anzanu a m'kalasi azikamba za NSF GRFP, thandizo la boma la America kwa ophunzira ochita kafukufuku, imene imapereka $37,000 pachaka, koma ndi ya nzika za America ndi amene ali ndi green card basi. Wa viza ya ophunzira ya F-1 asatayirepo nthawi. Amayi ali ndi mwayi ku AAUW International Fellowships, komanso ku Faculty for the Future ngati ali m'masayansi kapena uinjiniya. Ambirife tinaphunzira ndi ndalama za dipatimenti, pothandiza pulofesa kuphunzitsa kapena pa kafukufuku wake. Amakuchotserani fizi n'kumakupatsani kangachepe pamwezi.

Pamene ndikufuna muikepo mphamvu zanu zonse ndi pa kalata yofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita. Ife tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, ndipo ulemu umenewu ndimaunyadira. Koma komiti yosankha sikukudziwani. Ngati munazungulira midzi ya ku Chikwawa kutenga madzi a pamijigo kukayeza, nenani kuti munali inuyo, munayeza chiyani, munapeza chiyani, ndipo ndi funso liti limene linatsala losayankhidwa. Funso lotsalalo ndi limene akufuna kumva. Ambiri amathera tsamba lonse pa umphawi umene anakuliramo, za kafukufuku n'kulemba mizere iwiri. Mbiri yanu ndi yoona ndipo ndi yolemera, ipatseni ndime imodzi. Zotsalazo zionetse kuti mumadziwa kufunsa funso loti lingayankhidwe m'zaka zisanu ndi zipangizo zimene dipatimentiyo ili nazo. Tchulani aphunzitsi awiri kapena atatu amene mwawerenga ntchito yawo, ndipo alembereni imelo yaifupi musanatumize fomu. Wina sayankha, zisakugwetseni ulesi.

Nkhawa ina imene ndimaimva kawirikawiri ndi yoti "sindinasindikizepo pepala m'magazini ya akatswiri". Ochuluka amene amatengedwa atangomaliza digiri yoyamba alibenso. Pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ku LUANAR, MUBAS kapena Mzuzu University ndi kafukufuku ndithu, bola muifotokoze bwino.

Makalata okuchitirani umboni nthawi zambiri amafuna atatu. Pemphani mphunzitsi amene anakuyang'anirani pa pulojekiti, ngakhale alibe dzina lalikulu, chifukwa amene amakudziwani amalemba zinthu zogwirika. Muwauze kukadali miyezi iwiri, muwatumizire CV ndi kalata yanu ija, ndipo muwachenjeze kuti linki yotumizira kalata yawo ya umboni idzabwera pa imelo yawo. Ma transcript a kumudzi itanitsani nthawi yomweyo, makamaka ngati sukulu ikufuna adutse ku WES, bungwe limene limaunika zikalata za maphunziro zochokera kunja kwa America.

Madipatimenti ambiri a PhD amatseka kulandira mafomu kumayambiriro kapena pakati pa December, mayankho n'kumabwera cha mu February ndi March. Sukulu ikakupatsani malo ndi ndalama, musavomere mwamantha tsiku lomwelo. Mayunivesite ambiri anagwirizana kuti wophunzira ali ndi ufulu wodikira mpaka pa 15 April. Nthawi imeneyo funsani ophunzira a pulofesayo mmene amagwirira nawo ntchito, ngati ndalamazo zimabwera miyezi 9 kapena 12, komanso ngati inshuwalansi ya kuchipatala ili momwemo.