Nkhwazi ya ku Chivero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Budiriro. Kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo anabwera muno mu Harare chaka chatha kutsatira bambo a kunyumba. Andilola kuti ndiwayankhe pagulu. Funso lawo ndi ili: "Achimwene, inu mumangoti Chivero, Chivero. Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanja yeniyeni. Anzanga kutchalitchi akuti madzi a kumeneko ndi obiriwira, amanunkha, mpaka anapha zipembere. Mumakakondako chiyani? Ndiwonongedi ndalama kupita ndi ana?"

Amayi, takulandirani kuno. Anzanuwo sananame, ndipo ndiyamba ndi zoipazo kuti musadzati ndinakupusitsani.

Chivero si nyanja yolengedwa ndi Mulungu ayi. Ndi damu limene anamanga pa mtsinje wa Manyame, linatha mu 1952, ndipo nthawi ya atsamunda linkatchedwa Lake McIlwaine, dzina la woweruza milandu wina, Sir Robert McIlwaine. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 26. Nyanja yanuyo ingameze ma Chivero oposa 1,000 osatsamwa n'komwe. Mukaima tsidya lino, mitengo ya tsidya linalo mumaiona bwinobwino. Kulibe mchenga woyera, kulibe mwera woti n'kubweza asodzi, kulibe usipa pathandala.

Vuto lalikulu ndi malo amene analiika. Mzinda wa Harare uli kumtunda, damu lili kumunsi. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa m'makomboni ndi m'mafakitale mwathu n'kukathira komweko, Manyame nayenso amabwera atasenza za ku Chitungwiza. Mapaipi a zimbudzi akaphulika, zonse zimatsetsereka kupita ku Chivero. Kenaka madzi omwewo amawapopa, kukawayeretsa ku Morton Jaffray, n'kutibwezera m'mipopi, tsiku limene mpopi wafuna kutulutsa madzi. Zonyansazo ndi manyowa. Namasupuni, yemwe uja amavutitsa pa Shire, kuno amanenepa ngati wothiridwa feteleza, ndipo nyengo yotentha ndere imaphimba madzi ngati wina wakhuthulirapo penti wobiriwira. Mu Disembala 2024 ndere ya poizoni inapha zipembere zinayi, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu, nkhwazi ndi nsomba zambirimbiri, ndipo a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, analetsa kuwedza. Nditamva za nkhwazizo nsima inandikanika tsiku limenelo.

Ndiye ndimakatani kumeneko? Apa mundilole ndikambe za agogo anga aamuna.

Iwo anali a kwanu komweko, cha ku Nkhotakota. Anabwera nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba mu 1953, akuti adzagwire ntchito zaka ziwiri, agule njinga ndi makina osokera, abwerere. Anakhala khukhi kumayadi, anakwatira, anapeza nyumba ku Mufakose, basi anatchona. Kusukulu anzathu ankatinena kuti ndife mabhurandaya, ngati tonse tinachokera ku Blantyre, chonsecho agogowo Blantyre anangomudutsa. Panyumba sankakamba zambiri. Koma mwezi ukatha, ndalama ikalowa m'thumba, ankavala jekete ndi chipewa n'kunena kuti, "Iwe, tiye ku chithaphwi cha azungu." Dzina lake linali limenelo. Sanalitchepo nyanja mpaka kumwalira kwawo.

Ulendo woyamba ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinakwera basi ya mumsewu wa Bulawayo, tinatsika, tinayenda wapansi mpaka miyendo kuwawa. Titafika anasankha mwala, anakhala, anatulutsa mbedza ndi kachitini ka nyongolotsi. Sanayankhule kanthu. Ine ndinayamba kutopa, ndikugenda timiyala m'madzi. Mwadzidzidzi kumwamba kunamveka kulira kwakuthwa, kokhala ngati kuseka, kwina n'kuyankha patali. Agogo anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo kudinda. Pa mtengo wouma panali mbalame yaikulu, mutu ndi chifuwa zoyera mbee, mapiko akuda, mimba yofiirira, ndipo polira inkaponya mutu chagada ngati munthu woseka nthabwala yokoma. Anavula chipewa. "Wamva? Nkhwazi imeneyo. Imeneyo ndiye ya kwathu. Madziwa ndi abodza, koma iyo sinama."

Kuyambira pamenepo pakamwa pawo panatseguka. Anandiuza za bwato la atate awo, za kampango, za nkhungu zimene zimatuluka m'nyanja ngati utsi anthu n'kumazigwira ndi malichero, za mlongo wawo amene anamusiya ali ndi mano a mkaka. Nkhani zimenezo kunyumba sankazikamba. Zinkatuluka pamwala pokhapo. Tsiku limenelo anagwira nsomba ziwiri, zija kuno amati magwaya. Anaitembenuza imodzi m'manja, kuiyang'ana ngati mlendo wofanana ndi wachibale, n'kuti, "Si chambo, koma ndi msuweni wake." Nditakula ndinapeza kuti sanalakwe, chifukwa akatswiri amaziika m'banja limodzi.

Choncho amayi, chimene ndimakatenga ku Chivero si madzi. Ife obadwira kuno Chichewa chathu n'cha m'khitchini, cha pamaliro, cha kumpingo ndi cha kudambwe kwa amene ali a gule. Tikangotuluka pageti timatembenukira ku Chishona. Mawu ngati ngalawa, nkhafi, khoka, gombe, ndikanawamvera kuti pakanapanda chithaphwichi? Ana anga ndinawaphunzitsira komweko, ndikuloza ndi chala. Wamng'onoyo mpaka lero amati "nkwazi", mpweya wa pakati uja umamuthawa.

Ndipo si ine ndekha. Ku Norton, tauni yoyandikana ndi damuli, ndi m'mafamu ozungulira, muli anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete. Tsiku lina tili ku Chivero, mayi a kunyumba akuthyakula pambaula, anakalipira mwana kuti, "Choka apo, upsa!" Bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi ndodo ya mbedza anaima chilili. Anabwerera, anagwada pang'ono, n'kuti, "Pepani, ndamva chilankhulo cha amayi anga." Anasamba m'manja, anadya nafe. Chichewa chawo chinali chodzaza ndi Chishona, ankati sadza kenaka n'kudzikonza okha kuti nsima, koma mwambi ankaudziwa. Nditadandaula za fungo la madzi anaseka n'kuti, "Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno." Sitinafunsane ngakhale manambala a foni.

Tsopano za ulendo wanuwo. Ndi makilomita opitirira pang'ono 30 kuchoka m'tauni, kutsata msewu wa Bulawayo. Damuli lili ndi mbali ziwiri zosiyana khalidwe. Kumpoto ndiko kuli malo ochezera, owotchera nyama ndi maboti. Loweruka masana ndi pa zikondwerero kumakhala phokoso, galimoto iliyonse ndi nyimbo zake, mabotolo mbwee. Ine nthawi imeneyo ndimakhala nditanyamuka kale. Mbali yomweyo kuli Kuimba Shiri, malo osungira mbalame. Dzinalo simuvutika nalo, "shiri" ndi mbalame, "kuimba" ndi kuimba komweko. Ana amasangalala kumeneko chifukwa ziwombankhanga ndi akadzidzi amaziona pafupi, diso ndi diso.

Kummwera ndiko kuli nkhalango ya nyama, ndipo kumafunika galimoto. Mukagwirizana mabanja awiri atatu a kutchalitchi n'kusonkherana mafuta, zimapepuka. Kuli mbidzi, nswala, nyumbu, akadyamsonga, nthiwatiwa. Kulinso malo otchedwa Bushman's Point, kumene pamiyala pali zithunzi zojambulidwa ndi Akafula a kuno kalekale, damu lisanalotedwe n'komwe. Ngati munafikako ku Chongoni ku Dedza, muona kuti nkhani yake ndi yofanana.

Nyengo imene ine ndimaikonda ndi kumapeto kwa Ogasiti kulowa Seputembala. Mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira, ena ngati dzimbiri, ena ngati vinyo, mvula isanagwe ngakhale dontho, ndipo mapiri a miyala aja amaoneka ngati akuyaka. Kuzizira kumakhala kukutha, kutentha kobweretsa ndere kusanafike pachimake. Mufike m'mamawa, nkhungu ya pamadzi isanabalalike. Akakowa amakhala ali ndondondo m'mphepete. Kuchuluka kwa mbalame zam'madzi n'kumene kunathandiza kuti mu 2013 Chivero ilowe m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse, uja amati wa Ramsar. Ulemu wa papepala umenewo, madziwo sunawayeretse.

Pali zinthu zimene sindinyengerera. Madzi akumwa ndi ophikira mutenge kunyumba. Ana asalowe m'madzi ngakhale kuviika mapazi, muli ng'ona ndi likodzo, osanenanso ndere ija. Ndikudziwa kuti mwana wa ku Nkhotakota kumuuza kuti nyanja ndi yongoyang'ana n'kumulakwira, koma mulimbe mtima. Za kuwedza mufunse pageti musanaponye mbedza. Nsomba zogulitsa m'mbali mwa msewu ine ndinasiya kugula, ngakhale ndimawamvera chisoni amayi ogulitsawo, poti ana awo amadya pomwepo.

Za maboti ndiye ndimachita kuuma mutu. Pa Khirisimasi ya 2011 boti lodzaza mopyola muyeso linagubuduzika pa Chivero ndipo ana 11 anamira. Chaka china mnyamata wa boti anandikakamiza kuti tikwere, akuti malo alipo, ndikuona ndi maso anga kuti anthu apanikizana ngati mu kombi ya madzulo, majekete oyandamitsa atatu okha. Ndinakana. Ana analira njira yonse, anandinyanyala mpaka mawa lake. Mukafuna kukwera, muwerenge anthu, muwerenge majekete, ndipo mwana aliyense avale lake boti lisanasunthe.

Ngati zonsezi zakulemerani, kuli Cleveland Dam cha kummawa, mumsewu wa Mutare, kumene Mukuvisi amayambira asanadetsedwe. Ndi kadamu kakang'ono, kabata, koyenera mphasa ndi fulasiki ya tiyi. Ndimapitako nthawi zina. Koma mwala wa agogo kulibe.

Ndiye yankho langa ndi lakuti pitani, kamodzi kokha kaye, musakayerekeze ndi kwanu chifukwa mukangopsa mtima. Ndipo ndili ndi pempho. Ine nyanja yanuyo sindinaiponde, pasipoti ndi ndalama sizinakumanepo m'thumba mwanga nthawi imodzi. Zonse zimene ndimadziwa ndi za pamwala paja. Mukakamva nkhwazi ikulira, mudzandilembere ngati ikuliradi ngati ya ku Nkhotakota, chifukwa agogo aja nthawi zina ankawonjezera mchere.